Akuwaphunzitsa Kupuma

Lolemba, 7 Epulo 2003

Mvula ya mawawa m'mawa wonse. Tsamba lachepa kumunda wa kumtunda, madengu akufika ku sikelo opepuka. Epulo ameneyo. Aliyense akudziwa chimene chimabwera pambuyo pake, koma palibe akuchitchula.

Pa mzere wa m'mawa a Cuthbert, achiwiri kwa manejala, anabwera ndi mayi wina pa galimoto yoyera. Akuti Mayi Suwi, a bungwe lina la ku Blantyre. Chichewa chawo cha kumpoto. Nsapato zoyera m'matope athu ano! Akuti anyamata ndi atsikana onse othyola tiyi azipita ku holo Lachitatu ndi Loweruka masana kukaphunzira za umoyo wa m'maganizo. Za sitiresi, akutero. Tsiku lawo silidulidwa, ndiponso kuli Fanta ndi banzi.

Pamenepo ndiye pandinunkhira. Imvi zandimerera ndili kapitawo pa esiteti ino, sindinaonepo kampani ikumwetsa munthu Fanta chifukwa chomukonda. Disembala yemweyu anthu ankagenda galimoto zoyera kuti ndi za anamapopa. Zijazo ine sindinazikhulupirire, zinali za umbuli. Koma izi zabwera mwezi wolakwika.

Elson wanga ali m'gulumo. Sizoni yake yachiwiri.

Lachitatu, 9 Epulo

Tcheni ya njinga yadukanso. Bondo lakumanzere likuwawa.

Elson wabwera kuchokera ku holo, banzi lake wapatsa amake osaliluma. Ndinamufunsa kuti akuphunzitsani chiyani kumeneko. Yankho lake liwu limodzi, monga mwa masiku ano: "Kupuma."

Kapu inatsala pang'ono kundipulumuka. Kupuma! Liwu limenelo ndi langa, ndine ndimalinyamula chaka ndi chaka. Meyi akafika ofesi imandiuza otsala ndi opita, ine n'kuima pamaso pa gulu langa n'kunena kuti, mukapume kaye kumudzi, mvula ikagwa tidzakuitanani. Pano sitinena kuti munthu wachotsedwa. Munthu amapumitsidwa. Ena amaitanidwadi Novembala, ena mpaka lero akupumabe ku Khwethemule.

Tsono chaka chino aganiza zowaphunzitsiratu, kuti tsikulo likadzafika asadzalire pa geti. Nzeru za mu ofesi zimenezo.

Elson sindinamufunse zambiri. Anali atalowa kale kuchipinda.

Loweruka, 12 Epulo

Ndinadzera ku holo ngati ndikufuna pampu ya njinga kwa mlonda. Ndinasuzumira pawindo.

Ana onse pamabenchi, maso otseka, dzanja pamimba. Mayi uja akuyenda pakati pawo mwakachetechete: kokani mpweya ndi mphuno, sungani, tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono. Kani ndi kupuma kwa mpweya! Ndinangotsala pang'ono kuseka. Munthu wabadwa akupuma, lero pakufunika galimoto yochokera ku Blantyre kudzamusonyeza pamene pali mphuno yake.

Koma ndinachita bwino kudikira. Atatsegula maso mafunso anayamba. Amene tulo sakulipeza akweze dzanja. Amene chakudya sichikumukomera. Amene akadzuka m'mawa amamva ngati dengu lili kale kumsana. Manja m'mwamba, ana opusa. La Elson linakwera ponseponse. Ndipo pakhomo paja panaima a Cuthbert, ati adzangopereka moni.

Ndiye ndi sikelo inanso imeneyi. Ya kumunda imayeza tsamba, iyi ikuyeza mitu. Wosagona, wosadya, wolemedwa, ndani angamusunge nyengo yodulira tiyi, pomwe amangotsala anthu ochepa amphamvu? Kupuma kwa mpweya ndi nyambo chabe. Kwenikweniko kukubwera Meyi.

Lamulungu, 13 Epulo

Titatuluka m'tchalitchi ndinauza makolo anzanga zimene ndinaona. Sindinawonjezere kanthu. Nkhope zawo zinasintha.

Kunyumba amake Elson andikalipira, theka m'Chilomwe monga amachitira akapsa mtima. Akuti dzulo mwana anagona mpaka kucha, koyamba chichokereni Jonas. Akuti, "Inu mumaona kampani ngakhale m'mbale ya ndiwo."

Za Jonas m'nyumba muno sitikamba. Mnzake wa Elson kuyambira ku pulayimale, ankathyola mzere umodzi, nsapato za mpira ankabwerekana. Onse anapumitsidwa Meyi wa chaka chatha. Novembala Elson anaitanidwa, Jonas ayi. Januwale anapezeka m'mabulugama a kumtunda atadzikhweza, ndipo amene anamupeza ndi Elson. Mtengowo anaudula n'kuutentha, mwambo wake, panatsala chitsa. Maliro a changu, opanda kwaya.

Zinachitika, zinatha. Mnyamata ayenera kulimba mtima. Chimene chinapha Jonas ndi kusowa ntchito, ndipo wanga sindilola kuti ntchito imuthere chifukwa chokweza dzanja.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ndamuletsa. Ndamuuza kuti ku holo kuja asapondekonso, nthawi imeneyo azikhala kumunda, a ku ofesi azimuona ali ndi dengu. Ndimayembekezera mkangano. Anangoti, "Chabwino, ababa."

Bola akananditsutsa. Kale mwana ameneyu ankatsutsa ngakhale za nyengo.

Sopo watha. Mphaka waswera kuseri kwa nkhuni, ana atatu kapena anayi, sindinayang'anitsitse.

Lachisanu Loyera, 18 Epulo

Tchuthi. Chiperoni tsiku lonse, phiri osaoneka.

Lachitatu ku holo kunali zii, mabenchi okhaokha. A Cuthbert anatiitana makapitawo kutifunsa kuti ana athawiranji. Ine ndinati mwina chimfine, bwana, chavuta m'malayini. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Andiyang'ane. Akanakhala kuti alibe nazo phindu bwenzi zikuwawawa chonchi?

Elson sanapite ku tchalitchi. Besi ya kwaya ya achinyamata inali yake, lero aimba opanda besi. Tamupeza pakhonde pomwe tinamusiya, ali ndwii, maso kumtunda. Amake sakundilankhula, chakudya akungondiikira.

Ndikuchitira iyeyo. Adzandithokoza Juni akudulira, anzake ali kumudzi.

Lachitatu, 23 Epulo

Mayi uja wafika mpaka pakhomo panga. Wapansi, nsapato zija tsopano zofiira. Ndani wamulozera nyumba? M'malayini muno muli makutu a ofesi, ndakhala ndikunena.

Ulemu ali nawo, ndisaname. Ananjuta, anakana mpando, anakhala pamkeka ndi amake Elson. Anafunsa za Elson. Ndinati ali bwino, ali kumunda, wamphamvu ngati ng'ombe. Anati, "Bambo, ine sindine wa kampani, ndipo zimene ana amandiuza sizipita ku ofesi. Koma mwana wanu ndikumudera nkhawa kwambiri. Chonde musamamusiye yekha, ndipo pali zina ndikufuna ndikuuzeni."

Ndinamudula. Ndikudziwa mmene zimayambira. Lero nkhawa, mawa dokotala, mkuja mwana wa Amosi mutu wake sukuyenda bwino, ndani adzamulembenso ntchito, ndani adzamupatse mkazi? Ndinamuuza kuti pabanja pathu palibe wamisala, ndipo akawauze amene amutuma kuti pano alephera, akayese kwina.

Anaimirira osakwiya. Amake Elson anamuperekeza mpaka ku mpopi, anachedwa kubwerera. Atabwera maso ofiira. Ndinafunsa kuti amakuuzani chiyani. Anati, "Zoti inu simungamve." Madzulo ndinawaona akuchotsa chingwe choyanikira zovala n'kuchibisa m'chikwama chawo. Akazi akatengeka!

Lachinayi, 24 Epulo

Tsiku labwino. Ndinapita kwa a Cuthbert chipewa m'manja, ndinawakumbutsa zaka zanga pano. Avomera. Elson ali m'gulu lodulira, Meyi sakumukhudza.

Ndinafuna kumuuza pa chakudya, koma anayamba ndi iye. Wadya pang'ono, n'kusamba m'manja, n'kunena osandiyang'ana: "Ababa, ine ndatopa. Ndikungofuna kupuma."

Mwaona ntchito ya mayi uja? Maphunziro awiri okha, mwana akupempha yekha kupumitsidwa! Ndinamenya tebulo. Ndinati iwe supuma, wamva? Ena apume, iwe ayi. Ndakugwadira kwa bwana lero, malo ako alipo mpaka mvula.

Anati, "Ngati Novembala muja." Ndinati eya, ngati Novembala muja, bambo ako akadali moyo sudzasowa malo. Anaseka pang'ono. Kuseka koyamba chaka chino.

Lachisanu, 25 Epulo

Ndinanena ine. Chichokereni ku holo kuja mwana wayamba kubwerera. Lero wadzuka yekha, wachapa zovala zake zonse, wasesa chipinda. Nsapato za mpira wapatsa Sam wa nyumba yoyandikana nayo, akuti zamuthina. Wailesi yake yaing'ono wapatsa amake kuti azimvera kwaya. Masana anapempha kuweruka msanga, anapita ku Luchenza kukameta.

Wabwera wometa bwino, wandipatsa moni wa manja awiri. Ndinawauza amake kuti taonani mankhwala a ntchito. Akumutsata mwana paliponse ngati nkhuku ya anapiye, mpaka kumudikira pakhomo la bafa.

Mawa nanenso ku Luchenza, tcheni yatsopano.

Lamulungu, 27 Epulo

Dzulo sindinalembe. Lero ku tchalitchi sitinapite tonse.

Ndilembe mmene zinayendera. Ndinafika ku Luchenza masana, ndinagula tcheni, wokonza njinga anandiikira. Ndikudutsa pa golosale ya a Asumani anandiitana, anandilowetsa kuseri kwa kauntala, chinthu chimene sanachitepo. Anafunsa, "A kapitawo, kwanu kwavuta makoswe?" Ndinaseka, ndinati tili ndi mphaka woti wangoswa kumene, khoswe angalowe bwanji. Iwo sanaseke. Anati, "Mwana wanu dzulo amafuna mankhwala a makoswe. Ndinamufunsa mocheza kuti makoswe ake ndi aakulu bwanji, iye duu, maso pansi. Nkhope ija sinandisangalatse. Ndinamuuza kuti atha. Sanathe, ali apo."

Thupi lonse tsembwe. Zovala zochapa. Nsapato kwa Sam. Wailesi. Moni wa manja awiri. Chingwe m'chikwama cha amake. Ndikungofuna kupuma. Mayo ine, Amosi, liwu lomwe lija! Timalinenanso kumanda, kuti mnzathu watopa, wapita kukapuma. Ndalinena kangati pa maliro? Mwana anandiuza pamaso, m'Chichewa chomveka, ine n'kumuyankha za gulu lodulira.

Mmene ndinapalasira sindikudziwa. Pa mtunda wa ku fakitale ndinaitaya njinga m'tiyi n'kuyamba kuthamanga, bondo ndinaliiwala. Kunyumba amake ali pabwalo akulira, akuti anangopita kukatunga madzi, pobwera mwana palibe, ayang'ana kale ku bwalo la mpira ndi kwa Sam. Ine ndinadziwa koyenera kupita.

Ndinamupeza m'mabulugama, atakhala pa chitsa chija. Wamoyo. Wamoyo, manja pamaondo.

Ndinafuna kukuwa, kumumenya, kumukumbatira, sindikudziwa. Ndinagwa pansi pafupi naye, wefuwefu, chifuwa chikulira ngati pampu yobooka, m'maso mdima. Ndinaganiza kuti ndifa ndine. Ndiye mwana uja anatsika pa chitsa, anatenga dzanja langa n'kuliika pamimba panga. "Ababa, kokani ndi mphuno. Sungani. Tulutsani pang'onopang'ono." Zomwe zija ndinkaseka pawindo. Ndinamumvera ngati mwana wa sukulu, iye akupuma nane, mpaka mitengo inasiya kuzungulira.

Mawu atabwera ndinamufunsa molunjika, sindinazungulire. Ndinati, umafuna kudzipha? Anagwedeza mutu kuvomera. Anatulutsa kapepala ka mankhwala a makoswe m'thumba, anagula kwa wina pamsika a Asumani atamukaniza. Ndinatambasula dzanja. Anachedwa, koma anandipatsa.

Analankhula, ine chete, mwina koyamba m'moyo wanga. Akuti malo amene ndinamupezera Novembala iye amawaona ngati anali a Jonas, Jonas ankathyola kumuposa. Akuti mzere uliwonse wa tiyi amamuona. Akuti akatseka maso amaona mapazi ake. Akuti ku holo kuja n'koyamba kumva munthu akunena kuti zoterezi zimagwira anthu ambiri, zili ndi dzina, ndipo zimachizika. Anauza Mayi Suwi zonse. "Ndinkadikira Lachitatu, ababa. Ndiye munandiletsa."

Ndinalira pamaso pa mwana wanga. Sindikuchita nazo manyazi.

Kapepala ndinakataya m'chimbudzi. Njinga anaitola mlonda wa ku fakitale.

Lachitatu, 30 Epulo

Ndamuperekeza ndekha ku holo. Muli ana ochepa, owerengeka ndi dzanja limodzi. Ntchito ya pakamwa panga.

Ndinapepesa kwa Mayi Suwi. Anangoti mwachita bwino kubwera naye. Lachisanu apita naye kukaonana ndi a dokotala ku boma, ine ndi amake tipita nawo. Ndinafunsa ngati zikafike ku ofesi. Anati ayi. Ndinafunsanso kachiwiri. Anaseka, anati, "A kapitawo, inu simusintha." Ndipo akuti awauza a Cuthbert kuti asamaimenso pakhomo la holo paja, kunali kulakwitsa. Tsono pamenepo pokha ndinalondola.

Ndinakhala panja pa sitepe mpaka Elson atatuluka. Anandibweretsera Fanta. Ndinamwa, koma ndinayamba ndayang'ana ngati chitsekerero chinali chotseka bwino.

Madzulo ndayenda m'malayini khomo ndi khomo kubweza mawu anga. Kufalitsa kunali kosavuta. Bambo ake a Sam akuti, "Akugulani ndi banzi, a kapitawo." Ena akungondiyang'ana. Za Elson sindingaulule, si zanga. Ndikungoti mwana akakuuzani kuti watopa, mufunseni kuti watopa ndi chiyani. Wekishopu ikutha pakati pa Meyi. Pambuyo pake sindikudziwa.

Loweruka, 3 Meyi

Lafika tsiku lija lopumitsa anthu. Okweza manja ena atsala, ena apita. Osakweza chimodzimodzi. Ndayesa kupeza njira yake, sindikuiona. Kampani sindikuikhulupirirabe.

Ndinaima pamaso pa gulu langa pa sikelo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za chaka ndi chaka, liwu lija linakana kutuluka. Ndinati, ntchito yatha, abale. Kuitanidwa Novembala sindikulonjeza, si ine woitana. Anadabwa, ena anakwiya, mtsikana wina anati bwanji simukutinyengerera ngati kale. Ndinafunsa aliyense kuti akupita kuti, akakhala ndi ndani. Mnyamata wina wa ku Changata anati alibe aliyense. Ndamuuza kuti Lamulungu lililonse azibwera kudzadya kwathu, akapanda kubwera ndimutsatira pa njinga.

Dzulo ku boma kunayenda bwino, tibwererenso pakatha milungu iwiri. Za kudulira Elson asankha yekha, akafuna ayamba, akapanda kufuna malowo apatse wina. Wailesi amake amubwezera. Nsapato Sam akukana.

Sindinganene kuti wachira. Akamwetulira ndimachita mantha kuposa akakhala ndwii. Akapita kuseri ndimapeza chifukwa chopitira komweko.

Pano wagona pamkeka pakhonde, dzuwa la masana, mwana wa mphaka pamapazi pake. Amake akuti ndimusiye, ndikadye. Ndikubwera. Ndikuyang'ana kaye chifuwa chake. Chikukwera, chikutsika. Chikukwera